Nyumba ya M'khwawa

Gervazio anali mkamwini m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Mphunzi. Kwawo kunali kuchigwa, ku Golomoti, kumene mvula amaionera patali isanafike. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, moti akatsokomola apongozi ankamva. Zimenezi zinkamuwawa mumtima. Mbatata ya kachewere itamuyanja chaka china, anaumba njerwa, nawotcha, nayamba kufunafuna malo omangapo.

Maso ake anagwera pakhwawa louma lotsika kuphiri, momwe munalibe wolimamo, ndipo ngakhale mbuzi zinkalilambalala. Mlamu wake Anselmo, mwini mbumba, anamupeza akukwiriramo miyala ndi dothi.

"Alamu, malo alipo ambiri kumtundaku. Muno ayi, muno ndi m'njira ya eni ake."

"Eni ake ndani?" anafunsa Gervazio.

"Madzi. Amayi anawaona akudutsa muno ali mtsikana."

"Ine chibwerere sindinaonemo ndi dontho lomwe. Ingonenani kuti simukufuna mkamwini akhale ndi nyumba yamalata."

Anselmo anapukusa mutu nachoka. Gervazio anali munthu woti ukamulangiza amayesa wamutukwana.

Nyumba inatha, yokongola ndithu, tisamanamizane. Koma inali ndi khalidwe lake. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, simenti yapansi inkachita thukuta. Ufa unkachita chuku m'thumba. Magadalena, mkazi wake, posesa m'mawa ankapeza achule atandandalika m'mbali mwa khoma, onse atayang'ana kuphiri, ali chete. Tsiku lina anapeza nkhanu pansi pa tebulo, pamene mtsinje uli kutali. Masana kukati zii, pansi pa nyumba pankamveka kung'ung'udza ngati anthu akukambirana chapansipansi m'chipinda china.

"Bambo a Pilira, ine ndikuopa. Nyumba ino ikulankhula," anatero Magadalena.

"Ndi mphepo imeneyo."

"Mphepo pansi pa simenti?"

Gervazio nayenso ankamva, nayenso ankachita mantha, koma kuvomera kunali ngati kugwadira mlamu wake. Magadalena anabereka kumbuyo mwana wawo Pilira nabwerera kwa mayi ake. Mwamuna anatsala yekha m'zipinda zitatu, akudya yekha ndi kumvetsera.

Lamulungu lina mu Febuluwale, mudzi wonse unapita ku Misa, iye anatsala. Pamudzi panali dzuwa, koma pamwamba pa phiri panakhala mtambo wakuda bii, wosasuntha. Chakumasana anatuluka nakiya chitseko kuti akaone mbatata kumunda. Pakhonde anaima. Achule aja anali akuchoka pamzere, kukwera kumtunda, osafulumira. Mbalame zinali zitaleka kulira. Iye anawatsatira achulewo osadziwa chifukwa chake.

Atangoponda pamtunda, mawu amene ankawamva pansi pa nyumba anamvekera kuphiri, tsopano mokuwa. Madzi ofiira anatsika atasenza miyala ndi mitengo yazitsa zake. Sanakhote, sanafunefune podzera. Analowera khoma la kumtunda natulukira la kumunsi. Pamudzi sipanagwe mvula ngakhale yowaza.

Anthu pochokera ku Misa anamupeza ataima m'mphepete mwa khwawa, kiyi ali m'manja. Panalibe njerwa, panalibe lata, ngakhale maziko. Madzi anali atachepa, akuyenda mwakachetechete pamiyala yosalala ngati sanalekepo kudutsa pamenepo. Panalibe womuseka. Onse anagwidwa ndi chisoni, ndipo Magadalena analira atamugwira malaya.

Anselmo anamuyandikira nalankhula motsitsa. "Bola moyo, alamu. Tiyeni kunyumba."

Gervazio anayang'ana kiyi uja nthawi yaitali. "Nyumba iti?"

Munthu amawerenga zaka zake zisanu ndi ziwiri n'kumati waona zonse, koma phiri lili ndi kawerengedwe kena. Akuluakulu sananame: madzi saiwala khwawa.