Mapiritsi Atatu a Sakhwi

Kalekale, nyama zisanaleke kupalasa njinga, kunali Sakhwi, kambewa kamiyendo ngati timitengo ta machesi. Masiku amenewo mphuno yake inali yaifupi, yozungulira ngati nzama, ndipo ankaipaka mafuta m'mawa uliwonse ngakhale m'mimba muli pululu. Chaka chimenecho njala inali itakhazikika kwawo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Ndiye kunabwera mpikisano wa njinga: kuyambira pamsika, kukwera chitunda cha Lirani, kukakhota pamlatho, n'kubwerera. Nang'omba, woyang'anira mpikisanowo, analengeza ndi mawu ake akuluwo: "Wopambana atenga njinga yatsopano. Wolosera molondola atenga thumba la mtedza. Koma mankhwala opha ululu, ayi!"

Pamsika panabuka mkangano. Ena ankati apambana ndi Nyani, poti amapalasa osagwira mahandulo. Ena ankati Njiri, ntchafu zimene zija! Ambiri anali kwa Fisi, amene anapambana zaka zitatu zotsatizana.

Sakhwi anakwera pamulu wa mbatata. "Apambana ndi a Bulu!"

Kunali phwete lokhalokha. A Bulu anali nkhalamba yogulitsa makala. Njinga yawo inalibe mabuleki, ankaimitsa ndi chidendene.

"Iwe kamphuno," anatero Fisi akupukuta misozi, "a Bulu akaluza, mphuno yonyezimirayo ndidzaidya ndi mchere."

"Konzani mcherewo, malume," anayankha Sakhwi.

M'thumba mwake munali kapepala ka mapiritsi opha ululu kamene wogulitsa wina anagwetsa tsiku la msika. M'mawa wa mpikisano anapeza Nyani akumanga nsanza pachishalo.

"Pepani achimwene, ndamva kuti chishalochi chikukulumani."

"Usanene, mphwanga. Kukhala pansi ndikukhalira m'mbali."

"A Fisi alibe vuto limenelo. Amamwa aka." Anaonetsa piritsi loyera. "Ululu umafa osatsanzika."

Nyani anasuzumira uku ndi uku. "Wobweretsa mankhwala amayamba walawa yekha. Meza kaye."

Izi Sakhwi anali asanaziganizire. Koma mwambo ndi mwambo. Anameza limodzi, kwiti! Nyani anameza awiri.

Kenaka Sakhwi anapeza Njiri akusisita maondo ndi madzi otentha.

"Atsibweni, a Nyani amwa kale awiri. Akuti inu mudzangoona fumbi lawo."

"Anatero? Bweretsa atatu! Koma yamba walawa."

Kwiti, lachiwiri.

Kwa Fisi sanachite kunyengerera. Anangogwetsa kapepalako mwadala.

"N'chiyani chimenecho?"

"Palibe, malume. Ndi za a Nyani ndi a Njiri. Anandiuza kuti inu musadziwe."

Fisi anaponda kapepalako. "Lawa!" Sakhwi anameza lachitatu, Fisi n'kukhuthulira otsalawo kukamwa.

Nang'omba anaimba wezulo, njinga n'kuliyatsa. Atatuwo anauluka. A Bulu anatsala m'mbuyo, kwee, kwee, kwee. Phazi litawabaya anatsika n'kuzula munga. Msana utawawa anaima pansi pa mtengo wa mango n'kudziwongola. Sakhwi ankangogwira mphuno yake, kuitsanzika.

Pachitunda cha Lirani nsanza za Nyani zinagwa. Anatsala akukhuzika pachitsulo chotentha ndi dzuwa, koma osamva kanthu. Utsi unayamba kufuka.

"Moto! A Nyani, moto!" zinakuwa nyama za m'mbali mwa msewu.

"Moto kumene!" anayankha Nyani akukweza manja, poyesa akumuchemerera.

"Mukupsa!"

"Ndapsa kale ine, simunati!"

Atafika pamlatho ananunkhiza. "Akuotcha kanyenya ndani osandiitana?" Atacheuka n'kuona kuti kanyenyayo ndi kumbuyo kwake, anadziponya mumtsinje, chuu! Ubweya wa kumeneko sunamerenso mpaka lero.

Njiri naye maondo ankagunda mahandulo, gu, gu, gu, mpaka anatupa ngati maungu. Mapiritsi anamubweretsera tulo. Msewu unakhota, iye sanakhote. Anakadzuka ali chogwada m'munda wa chinangwa, ndipo poti anali atafika kale, anayamba kudya.

Fisi yekha anatsala kutsogolo, msika akuuona. Mwendo wake wam'mbuyo unaterereka papedulo n'kulowa m'masipoko. Thyo! Thyo! Thyo!

"Akundiombera m'manja," anatero Fisi. Gudumu linapindika ngati lichero lakale, mwini wake n'kugwera mu ngalande.

Patapita nthawi kunamveka kwee, kwee, kwee. A Bulu anadutsa, napereka moni kwa Fisi mwaulemu, n'kukaimitsa njinga ndi chidendene pamaso pa Nang'omba.

Sakhwi anavina pamwamba pa thumba la mtedza. Akanangolitenga mwakachetechete bwenzi zitatha bwino. Koma mapiritsi atatu m'kathupi kakang'ono anamuzunguza mutu, ndipo anayamba kuimba:

"Ndinalawa, ndinalawa, iwo anameza!"

"Anameza chiyani?" anafunsa Nang'omba.

Fisi anali atafika, akukoka mwendo. "Mugwireni!"

Sakhwi anakankhira thumba kuuna wake n'kulowa chobwerera m'mbuyo, kamphuno kokha katatsala kunja. Fisi anakagwira ndi zala ziwiri n'kuyamba kukoka.

Sakhwi sanamve chilichonse. Maso anali atatsinzina ndi kuseka, miyendo ataikakamiza m'makoma a una. Mumtima mwake ankakhulupiriradi kuti Fisi waphonya.

"Mwagwira chiyani kunjako, malume? Ine sindikumva kanthu!"

"Mphuno yako!"

"Bodza! Ikanakhala yanga bwenzi ndikulira. Kokani, mwina ndi chinangwa cha a Njiri!"

Fisi anakoka.

"Kokaninso! Mphamvu zathera m'masipoko?"

Fisi anaponda mwala n'kukoka ndi manja awiri. Chinthucho chinkangotalika, mwini wake akungoseka. Kenaka Fisi anachiyang'anitsitsa. Mphuno ya Sakhwi ankaidziwa, inali ngati nzama. Ichi chinali chachitali, chowonda, chogwedera.

"Nyongolotsi!" analavula Fisi, n'kuchitaya. Anapita akutsimphina, ndipo akutsimphinabe.

Sakhwi anakazinga mtedza, anadya mpaka mimba inalira ngati ng'oma, n'kugona.

M'mawa ululu umene anaupha dzulo unadzuka, utaitana ndi abale ake omwe. Kukuwa kwake kunamveka mpaka ku Lirani. Atasuzumira m'chikho cha madzi, mphuno inayamba kufika m'madzimo iye akadali kutali.

A Bulu anadutsa panjinga yawo yatsopano, makala ali pakaliyala. Anaima, anaiyang'ana mphunoyo kuyambira pomwe yayambira mpaka pomwe yathera.

"Mdzukulu, kodi ikuwawa?"

"Kwambiri, agogo!"

"Yamika. Ikanayamba kuwawa dzulo, bwenzi ili yaifupi."

Mpaka lero mphuno ya Sakhwi imanjenjemera osaleka. Ena amati akununkhiza chakudya. Ayi ndithu, akuyesa ngati ikumvabe.