Phungu amene anafunsa apongozi ake

Panali munthu wina, phungu wa Nyumba ya Malamulo, dzina lake Kamtedza. Dera lake linali kutsidya kwa mtsinje, uko kumene mlatho umamira mvula ikalimbika. Kumeneko kunali kachipatala kakang'ono, ndipo pakachipatalapo panali ambulansi imodzi yokalamba, yoti poiliza pankafunika anthu okankha. Koma inkayenda. Mayi akavutika pobereka, inkathamanga naye kuchipatala cha mishoni kumtunda, tsidya lomwelo, ndipo ambiri anapulumukira momwemo.

Tsono akuluakulu a ku likulu anabwera ndi ganizo latsopano. Anati maambulansi onse achoke m'zipatala za kumidzi, akakhale pamodzi m'tauni kuti azisamalidwa bwino, wofuna aziimba foni. Kulimva, ganizolo linali labwino ndithu. Linapita ku komiti ya aphungu imene Kamtedza anali membala wake, ndipo komitiyo inaitana atsogoleri a bungwe la boma loyendetsa magalimotowo kuti adzayankhe mafunso. Komiti ikanavomera tsiku limenelo, basi, ambulansi ya kutsidya inali yopita.

Kamtedza anali ndi funso lake, atalikonza kale mumtima. Koma atalowa m'chipinda cha komiti n'kuona amene akhala kumpando wa mboni, anaweramitsa nkhope. Pambali pa bwana wamkulu wa bungwelo panakhala Mayi Chinkhuntha, amene ankayang'anira kayendedwe ka magalimoto. Awa anali apongozi ake, mayi womubereka mkazi wake. Ankadziwa kuti amagwira ntchito kumeneko, koma sanaganize kuti bwanayo abwera nawo.

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, ngakhale kutchireko kukhale chitedze. Kamtedza anali wa mwambo umenewo, sukulu ndi suti sizinamuchotse. Chikwatirireni mwana wawo sanadyepo nawo pamodzi, ndipo akafuna kuwauza kanthu ankatuma mkazi wake, apongoziwo ali pakhonde pomwepo. Ndiye lero awaimike pagulu, atolankhani akuona, awapanikize ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku ya eni? Ankaiona kale nkhope ya mkazi wake. Ankawamva kale achibale akunena kuti uphungu wamuledzeretsa.

Mafunso anayamba. Phungu wina anathokoza, anathokozanso, anafotokoza zonse zimene wachita kudera kwake, pofika kumapeto funso linali litasowa. Wina anafunsa ngati magalimotowo adzapakidwe penti yofanana. Bwana uja ankayankha mosalala, akumwetulira. Zikafika pa kayendedwe ankaponyera Mayi Chinkhuntha, iwo n'kuyankha mwachidule, zokhazo zimene afunsidwa, osawonjezerapo kanthu. Za mlatho panalibe amene anazitchula, poti enawo kwawo kunali phula.

Wapampando anayang'ana uku ndi uku. "Tisanatseke, olemekezeka a Kamtedza, muli ndi funso?"

Pakamwa pake panali patafika kale mawu akuti anzanga afunsa zonse. Akanatero, palibe akanamudzudzula, ndipo kunyumba kukanakhala mtendere. Koma anaganiza za dzinja likubweralo, za mayi wogona pamphasa pakachipatala kaja, namwino ali ndi foni m'manja, galimoto itaima tsidya lino, dalaivala akungoyang'ana madzi. Anachita mantha ndi zimenezo kuposa mmene ankaopera apongozi.

Anayatsa maikolofoni. "Wapampando, ndiyambe ndaulula kuti mayi amene ali kumpando wa mboniwa ndi apongozi anga. Ngati komiti ikuona kuti sindiyenera kuwafunsa, ndikhala chete."

Aphungu anaseka. Wina ananong'ona momveka kuti lero tiona mkamwini akuthyola mpanda. Wapampando anawaletsa. "Mwachita bwino kutiuza. Funsani, tonse tabwera pantchito."

Kamtedza sanadzutse maso. Anafunsa akuyang'ana patebulo, manja atawaphatikiza. "Amayi, pepani. Mtsinje ukadzaza, mlatho n'kumira, ambulansi yochokera m'tauni idzafika bwanji kutsidya?"

Bwana uja anasendera kuti ayankhe, koma wapampando anakweza dzanja. "Funso lapita kwa amayi."

"Siidzafika," anatero Mayi Chinkhuntha.

"Nanga mayi amene zamuvuta pobereka adzatani?"

"Adzadikira madzi aphwe. Ena madziwo adzaphwa iwo atapita kale."

"Madera otere alipo ena, kapena ndi kwathu kokha?"

"Alipo ambiri, olemekezeka. Ndinanena kuofesi, koma ganizo linali litapita kale patsogolo."

Apa aphungu amene ankasewera ndi mafoni aja anakhala bwino. Mafunso enieni anayamba pamenepo. Pomaliza komiti inalibweza ganizolo, n'kunena kuti dera lililonse limene msewu wake umaduka m'dzinja lisalandidwe ambulansi. Ya kutsidya inatsala.

Kamtedza anatuluka m'chipindamo. Ambulansi anali ataipulumutsa, koma banja lake sankadziwa ngati lilipo. Anaima pakhonde la nyumbayo, foni ili m'thumba, akuopa kuiyatsa. Posakhalitsa anaona apongozi akubwera. Anasendera kukhoma, nkhope kumbali. Iwonso anaima chapatali, n'kuitana kalaliki wa komiti amene ankadutsa.

"Bambo, mundiuzireko bambo a Tiyanjane awo," anatero, kumutchula ndi dzina la mwana wake monga ankachitira kunyumba. "Ife ogwira ntchito m'boma sitiyankha chimene sitinafunsidwe, makamaka bwana ali pambali. Ndinakhala pampando paja ndikupemphera kuti wina atchule mlatho. Nditawaona iwo mtima unagwa, ndinati ayi, awa andilemekeza, akhala chete. Muwauze kuti anditula katundu."

Kalalikiyo anatembenuka kuti abwereze, koma panalibenso chobwereza. Kamtedza anali atamva zonse. Anawomba m'manja pang'onopang'ono, akuyang'anabe kukhoma.

Tsono inu amene mwasankhidwa m'makomiti, kaya ya sukulu, kaya ya mpingo, kaya ya chitukuko cha kwanu kuno, mverani. Tsiku lina kutsogolo kwanu kudzakhala munthu amene mumamuopa: malume anu, abusa anu, aphunzitsi amene anakuphunzitsani kulemba. Mtima udzakuuzani kuti kukhala chete ndiye ulemu. Musaumvere. Tsitsani maso ngati mukufuna, yambani ndi pepani, nenani poyera kuti ndi m'bale wanu, koma funsolo funsani. Anthu anakutumani kuti mukawafunsire chimene iwo sangafike n'kufunsa. Ndipo kawirikawiri amene mukumusungira ulemuyo wakhala pamenepo choonadi chili pakhosi, akungodikira kuti wina amufunse.