Nyumba Yometedwa Mpala

Nyumba ya apongozi ake a Changu inali ndi chinsinsi chimene msewu wonse unkachiona koma osachimvetsa. Denga lake linali la malata ngati la wina aliyense. Komabe dzuwa likaswa mtengo, anansi akuthawira pamthunzi, m'nyumbamo munkazizira ngati mumtsuko. Chisanu chikafika, ena akugona ndi majuzi, iwo ankafunda bulangeti limodzi. Mukawafunsa mayi a nyumbayo, omwe anali amasiye, ankangomwetulira n'kuponya maso kumwamba.

Changu anali wometa tsitsi. Dzinali anam'patsa ndi makasitomala, chifukwa munthu asanamalize kufotokoza mmene akufunira, makina amakhala atafika kale pakati pa mutu. Atakwatira mwana wa mayiwo, namwino wa maso ofatsa amene anam'tenga mtima tsiku limene ankam'manga bandeji pachala, anasamukira m'nyumbamo kuti azithandizana kusamalira apongozi akewo, pakuti ankadwala mphumu.

Tsiku lina mkazi wake ali kuntchito, apongozi atapita kukazonda mnzawo, Changu anamva kanthu kakuti tseketseke pamwamba pa siling'i. Anasanjika mpando patebulo, n'kukankha kachitseko ka m'mwambamo, n'kusuzumira ndi tochi. Khoswe sanamuone. Anaona matumba a nsalu, otuwa ndi fumbi, atayalidwa mothithikana kuchokera kukhoma ili mpaka lija. Anang'amba limodzi. Munali utuchi wosakanizidwa ndi kaufa koyera.

Mawu ena mumtima anati, dikira eni ake abwere. Koma chikondi cha Changu chinalinso chachangu.

"Zinyalala zonsezi pamutu pa mkazi wanga?" anadzifunsa. "Ndi fumbi limeneli likutsokomoletsa amayi."

Pofika masana anali atatsitsa matumba onse n'kukam'patsa mnansi woweta nkhuku. Anazulanso timalamba ta chubu cha tayala timene tinakhomedwa kunsi kwa zitseko, poti kwa iye tinkaoneka ngati ndevu zosameta. Anasesa, anakolopa, n'kutseka kachitseko kaja. Nkhaniyo anaisunga mumtima ngati mphatso, kuti adzaulule pa tsiku lokumbukira ukwati wawo.

Tsikulo lisanafike, chisanu chinayamba kufika. Mphepo inkalowa kunsi kwa chitseko ngati mwini nyumba. Kutentha konse kwa mbaula yamagetsi kunkathawira kudenga, ndipo magetsi ankatha ngati madzi otungira m'dengu. Apongozi anayamba kutsokomola. Sabata yachiwiri, pachifuwa pawo pankalira ngati wenzulo, ndipo Changu akamva kulirako, makina ometera ankam'lemera m'manja. Anali atazindikira chimene anachita. Mphatso ija inali itasanduka mwala, ndipo tsiku lililonse losaulula mwalawo unkakula.

M'mawa wina anapeza mkazi wake atagwada pambali pa bedi la mayi ake, akumvetsera kupuma kwawo.

"Zikapitirira chonchi mawa tikawagoneka kuchipatala," anatero namwinoyo osatembenuka. "Ine ndinabadwira m'nyumba muno, sindinaonepo mpweya wa m'kamwa ukuoneka ngati utsi. Chasintha n'chiyani, inu?"

Changu anaika pansi kapu yake ya tiyi. Apongozi anamuyang'ana kuchokera m'mabulangeti atatu.

"Khalani pansi, bambo. Mwezi wathawu ndinaona utuchi m'tsitsi la wometa. Ndinati mwina mwangosuzumira, mubwera kudzafunsa. Ndakhala ndikudikira."

"Sindinangosuzumira, amayi. Ndinatsitsa."

"Angati?"

"Onse."

"Ali kuti?"

"Zikugonapo nkhuku za kuseriku."

Mkazi wake anaimirira pang'onopang'ono, maso ofatsa aja atasintha. Koma mayi ake anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi chifuwa, mpaka misozi.

"Ndiye kuti nkhuku zikufunda ukwati wanga. Mwana wanga, mwamuna wakoyu sasiya ntchito kuntchito. Waimeta mpala nyumba."

Atapeza mpweya anawauza chinsinsi chija. Chaka choyamba cha ukwati wawo, adokotala anauza malemu amuna awo, omwe anali kalipentala, kuti chifuwa cha mkaziyu sichidzapirira chisanu china. Ndalama ya mbaula analibe. Kwa miyezi itatu malemuwo ankabwera ndi utuchi wouma pa njinga, n'kumausakaniza ndi laimu, kaufa koyera kaja, kuti tizilombo tisamangemo, mayiwo akusoka matumba.

"Ankati munthu amafunda pamwamba, nanga nyumba ilekerenji? Anansi ankamuseka, ndiye tinapangana kuti tisauze munthu. Ngakhale mwana wathuyu sitinamuuze. Zinali zathu."

Changu anagwada. Mawu opepesa anatuluka opindikapindika, ndipo mkazi wake anawadula.

"Kupepesa sikufunditsa munthu. Nyamukani."

Changu anathamangira kwa mmisiri wa matabwa wa kumapeto kwa msewu, bambo wa imvi amene anaphunzira ntchito m'manja mwa malemuwo. Atamva nkhaniyo, mmisiriyo anaika pansi chopalira matabwa.

"Matumba amenewo ndinakweza nawo ine. Umadutsa pano tsiku lililonse, Changu. Pakamwa unabwereketsa?"

Anapereka utuchi watsopano osalandira kanthu. Anabwera yekha ndi makwerero, naonetsa Changu kuti matumba azigundana popanda mpata, ndiponso kuti atalikirane ndi mawaya a magetsi kuopa moto. Namwino anapempha tsiku kuntchito n'kukhala pa makina osokera a mayi ake. Sanamulankhule mwamuna wake mpaka thumba la khumi, pamene anam'patsira n'kunena kuti, "Ili mulinyamule bwino, si mutu wa kasitomala."

Akuyala thumba lomaliza, pamwamba penipeni pa chipinda cha apongozi, kuwala kwa tochi ya Changu kunagwera pa mtanda wa denga. Panali malemba a pensulo ya kalipentala, ofufuma koma owerengeka. Tsiku lija anawafulatira chifukwa cha liwiro. Anawerenga kawiri, kenako anaitana mkazi wake kuti akwere.

"Iwe wobwera pambuyo panga, usachotse. Ili ndi bulangeti la mkazi wanga."

Namwino anatsatira malembawo ndi chala chake. Atatsika anakawanong'oneza mayi ake. Iwo anaphimba nkhope ndi nsalu. Zaka zonsezi ankagona pansi pa mawuwo osadziwa kuti alipo.

Kuchipatala sanapiteko. Patatha masiku anayi wenzulo uja anasiya kulira, mbaula inabwerera pakona, ndipo timalamba tatsopano ta chubu tinkasesa pansi chitseko chikamatseguka. Apongozi anaitana Changu n'kumugwira dzanja.

"Munandilanda bulangeti, koma mwandibweretsera kalata. Zikomo, bambo."

Koma Changu ndiye anali ndi zikomo zambiri: kwa mmisiri, kwa mkazi amene anam'khululukira pa thumba la khumi, ndi kwa mwamuna amene sanamuonepo koma ankamufunditsa. Mawa lake anakweranso ndi pensulo, ndipo kunsi kwa malemba aja analemba ake: "Ukakayika, tsika ukafunse."

Masiku ano kasitomala akakhala pampando, Changu amayamba wazimitsa makina n'kumvetsera mpaka munthu amalize. Akam'seka kuti dzina lake lam'thawa, iye amangoti analawapo kale, ndipo akulu sananame: safunsa anadya phula.