Zitsotso Ziwiri za Nangondo

Senderani kuno nonse. Musayang'ane kudenga, mphepoyi ingodutsa. Ndinong'ona, ndiye tcherani khutu.

Kalekale nkhono zinkayenda zamaliseche, zopanda chigoba, thupi lofewa ngati phala. Ndiye panali nkhono ina, Nangondo, mayi wa mwana mmodzi. Kamwana kake, Sungeni, kanali ngati njere ya mapira.

Tsiku lina kunamveka kuti linthumbu lanyamuka kuphiri, likudya chilichonse chofewa, ndipo mvula yoyamba ikangogwa lifika. Nangondo mtima unangoti phwii. Nkhono ithawa bwanji? Amayi onse anapangana zoumbira ana awo nyumba zadongo kumsana.

Mkulu wake wa Nangondo, Nachanza, anali wamphamvu. Anatuta dongo la pachulu n'kuumbira mwana wake chinyumba tsiku limodzi, khomo lake loti n'kulowa chule.

"Nanga iwe kako n'kachiyani? Chisa cha nsabwe?" anaseka Nachanza ataona kadongo ka Nangondo. "Mwana amakula, iwe!"

"Achemwali, dongo limandilemera. Ndimatha kamphumphu kamodzi patsiku."

"Udzalira, usadzanditchule."

Nangondo sankadziwa kuyeza. Anangothyola kachitsotso kofanana ndi mwanayo, n'kuumba kachipinda kotero. M'mawa mwake mchira wa Sungeni uli panja. Anathyola kena kofanana, n'kuumba kachipinda kachiwiri. Tsiku lachitatu mwana wakulanso, mitambo yayamba kuda.

"Amama, mukundipana," anatero Sungeni.

"Pepa, mwanawe, pepa. Usagwedezeke."

Agumule ayambirenso? Nthawi palibe. Anayang'ana zitsotso ziwiri zija, n'kungozilumikiza, n'kuumba chipinda cha muyeso umenewo. Mwana anakwana! Basi anagwira pomwepo: mwana akadandaula, iye amatenga muyeso wa zipinda ziwiri zomalizira n'kuphatikiza. Chimodzi, chimodzi, ziwiri. Kenako zitatu. Ziwiri ndi zitatu, zisanu. Zitatu kuphatikiza zisanu, zakwana zisanu ndi zitatu. Ndipo poti dongo linali lochepa, chipinda chatsopano ankachitsamiritsa pakhoma lakale, nyumba n'kumapindika, kumazungulira, kumazungulira.

Tsiku lina masana mvula inagwa. Linthumbu linafika, pansi ponse bii!

"Lowa! Bwerera m'mbuyo mpaka kachipinda kaubwana kaja!" anakuwa Nangondo.

Sungeni anadzipinda, kulowa, kulowa. Nangondo anamata khomo ndi malovu ake mpaka kukhosi kunauma gwa, n'kukwawira pansonga ya bango. Ali pamenepo ankaona linthumbu likukwera kanyumba kaja, kutsika, kukweranso, kufunafuna polowera. Anatseka maso.

Dzuwa litapendeka kunati zii. Anatsika, n'kugogoda.

"Sungeni?"

Anagogodanso.

"Sungeni, mwanangu, ndine!"

Kenako timawu m'katikati: "Amama, ndili ndi njala."

Eee, Nangondo anangokhala pansi, kuseka uku misozi ili chuchuchu.

Kwa Nachanza linthumbu linalowera pakhomo lija ngati kwawo. Mwayi wake mwana anali atavula chinyumbacho, poti chinkamukhwepa, n'kubisala m'khwapa la nthochi. Anapulumuka, komabe nyumba anaikana mpaka kalekale. Nkhono zija mumaziona zamaliseche pa nthochi ndi zidzukulu zake.

Nachanza anabwera, n'kuzungulira kanyumba ka Sungeni kotsukidwa ndi mvula. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Koma n'kokongola, iwe. Diso silikufuna kuchokapo. Luso limeneli anakuphunzitsa ndani?"

"Luso lanji, achemwali? Anali mantha basi."

"Undibwereke zitsotsozo."

Ndi chifukwa chake lero chigoba cha nkhono chimayamba kakang'ono pansonga n'kumakula mozungulira, chipinda chilichonse kutengera ziwiri zam'mbuyo. Ndipo mukatola nkhono yomata pakhomo, musaiboole poganiza kuti yafa. Ibwezeni pansi pa tsamba. Ili moyo m'katimo, ikungodikira kuti zoopsa zidutse.