Chithunzi cha Pakhomo pa Telala

Telala wina anali ndi manja abwino, koma makutu ake anali ongokongoletsa mutu. Mwana wake wamkazi, amene onse ankamutchula kuti Kapensulo, akaweruka kusukulu ankakhala pakona ya shopu n'kumajambula madiresi. Loweruka lililonse ankatumiza zojambulazo ku gulu la pa intaneti la ana ojambula. Aphunzitsi oyang'anira gululo anali ndi lamulo limodzi: kutumiza chojambula chokha, osaonetsa nkhope, yunifolomu kapena pakhomo.

Tsiku lina diresi la Kapensulo linapambana mpikisano wa pagulupo. Telala anavina, tepi ili m'khosi. Anamuimika mwanayo pakhomo pa shopu ali mu yunifolomu, pansi pa chikwangwani chokhala ndi nambala ya foni, n'kumutola chithunzi.

"Achimwene, chimenecho musachiike poyera," anatero mlongo wa telalayo amene ankasita zovala m'shopumo. "Mukuuza dziko lonse sukulu yake ndi komwe amapezeka."

"Iwe, nsanje basi! Ndibise mwana wanga ngati chigamba cha pathalauza?"

Anachiika ndithu pa intaneti, ndipo kwa masiku awiri anayenda monyang'wa. Tsiku lachitatu foni inalira. Anali mwamuna wolankhula mothyolathyola mawu, wodzitcha mkulu wa mpikisano.

"Tidzamutenga tokha kusukulu kuti akalandire mphatso. Amaweruka nthawi yanji? Inu musavutike n'kubwera."

Telala anaimbira aphunzitsi aja kuti athokoze. "Bambo, mpikisanowu ndimayendetsa ndekha," anayankha aphunzitsi. "Munthuyo sindikumudziwa."

Mantha anamugwira telala mpaka sizasi inagwa pansi. Anafufuta chithunzicho, anapereka nambala ya munthuyo kupolisi, n'kukamutenga yekha mwana kusukulu. Atafika naye kushopu analamula kuti, "Zojambula zathera pano!"

Kapensulo misozi inalengeza.

"Aaa, achimwene, mwanayu anajambula diresi," anatero mlongo uja, akusita osadzutsa mutu. "Wojambula yunifolomu ndi chikwangwani pachithunzi chija tikumudziwa tonse."

Telala anakanda mutu, kenako anaseka mwamanyazi. "Chabwino mayi, jambula. Koma potumiza tizionera limodzi, ine, iwe ndi azakhali akowa."

"Makamaka azakhali, ababa," anatero mwanayo akupukuta misozi.

Telala sanatsutse. Anali atadziwa tsopano kuti wakutsina khutu ndi mnansi.