Maulendo a Towera ndi Ng'ombe ya a Zgambo

Pakhomo pa a Yotam Zgambo ku Engutwini foni inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, akazi awo a NyaChisi ankakwera pachulupo, n'kukweza foni m'mwamba kudikira kuti zithunzi za mwana wawo Towera zilowe. Towera anali ku Kenya, kumene anapeza mwayi wophunzira zamakompyuta pa yunivesite ina mumzinda wa Nakuru.

Miyezi yoyambirira zithunzizo zinali zoti bambo aliyense angazionetse kwa alendo. Towera ali m'kalasi, Towera ali ndi mabuku, Towera ali pakhomo la tchalitchi. Koma atangozolowera malo, zinthu zinasintha. Anzake a m'kalasi akamapita kwawo Loweruka, iye ankawatsatira, chikwama kumsana, n'kubwerera Lamlungu madzulo. Sabata ino ali pamathithi a ku Nyahururu zovala zitanyowa, sabata yamawa ali m'minda ya tiyi ku Kericho dengu lili kumsana, ina ali m'boti ku Naivasha akuloza mvuu ngati kuti ndi abale ake. A NyaChisi ankaseka okha pachulupo mpaka misozi.

A Zgambo sankaseka nawo. Iwo anali munthu wosakhulupirira msewu. Anzawo obadwa nawo anathera ku Joni, ena n'kubwerako ndi magalimoto, ena n'kubwerako m'mabokosi, koma iwo osasuntha. Ankadzitama kuti kutali kumene anafikako ndi ku Mzuzu, ndipo anabwerera tsiku lomwelo chifukwa madzi akumeneko sanawayanje. Dziko lawo linali munda, khola, ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, Viphya ndi Kasitu, zimene anazilera okha kuyambira zili ana. Ng'ombezo ndizo zinkalima, kubandira ndi kukoka ngolo, ndipo ndizo zinkachititsa kuti a Zgambo akamayankhula pamsonkhano anthu azikhala chete.

Amene anathira mchere pachilonda ndi a Enos Mtonga, mnansi wawo amene ankapha mbuzi ndi ng'ombe tsiku la msika, munthu wa pakamwa posatseka.

"A Zgambo, mwana wanu uja akuphunzira makompyuta kapena misewu ya ku Kenya?" anafunsa a Mtonga panja pa tchalitchi, anthu akumva. "Akazi anga akuti sabata iliyonse ali kwina. Mbwenu adzabwera ndi digiri ya maulendo."

Anthu anaseka, a Zgambo nawo anaonetsa mano, koma mumtima munayaka moto. Aliyense amadziwa zimene mudzi umaganiza ukamva kuti mwana wamkazi sakhala pansi. Tsiku limenelo anakwera okha pachulu, chinthu chimene sankachita, n'kuuza akazi awo kuti aimbe.

"Towera, ine ndinakukweza basi pa boma kuti ukaphunzire. Za maulendozi zithe lero."

"Adada, Lolemba mpaka Lachisanu ndimakhala m'kalasi, ndipo mayeso onse ndakhoza," anatero Towera modzichepetsa. "Loweruka ndimapita kwa anzanga, kwa makolo awo enieni, ndimagona ndi azichemwali awo. Ndikakhala ndekha m'chipinda ndiona chiyani?"

"Uona mabuku."

"Yayi adada, pepani chomene. Mabuku ndidzabwera nawo kumudzi, koma dziko lino sindidzabwera nalo."

Kunena zoona, mwanayu mutu wouma sanaugule pamsika, anautengera kwa bambo ake omwewo. A Zgambo anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti mawu a Towera sadzawamvanso mpaka atasiya kuyenda. Anabweza foni kwa akazi awo, n'kutsika. Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Towera ankapereka moni kudzera kwa mayi ake, a Zgambo n'kuyankha kuti amva, basi. Zinkawapweteka, chifukwa mwanayo ankamukonda kuposa ana awo onse, koma munthu amene walumbira pamaso pa mkazi wake amavutika kubwerera.

M'mawa wina wa mu Januwale, mvula itagwa yambiri, a Zgambo anatulutsa ng'ombe zawo zisanadye kanthu kuti akabandire chimanga. Atafika kumunda anapeza kuti unyolo wa pagoli auiwala. Anamangirira Viphya pachitsa mwachisawawa, pafupi ndi munda wa soya, n'kubwerera kunyumba. Unyolowo sunali pamene ankausiya. Anaufuna m'nkhokwe, kuseri kwa bafa, pansi pa ngolo, ndipo pamene ankaupeza dzuwa linali litakwera. Kasitu anamupeza ali pomwe anamusiya. Viphya, amene anali wadyera chibadwire, anali pakati pa soya wanthete wonyowa ndi mame, atameta mizere ingapo.

Sipanathe ola, Viphya anaima miyendo itatang'adza, khosi litatambasuka, lilime lili panja. Mimba inatupa mbali ya kumanzere mpaka kupitirira msana, ndipo a Zgambo ataimenya ndi chikhatho inalira ngati ng'oma. Ng'ombeyo anaikokera kufupi ndi khola ikupuma movutikira. A NyaChisi anathamangira pachulu kuimbira alangizi a ziweto, koma iwo anali ku boma, ndipo mtsinje unali utadzaza moti njinga yamoto sikanawoloka. Anati mwina angafike mawa.

Mbiri ya nyama siichedwa. Posakhalitsa a Mtonga anatulukira ndi mpeni wokulunga m'thumba la feteleza, kumbuyo kwawo amayi atatu ali ndi mabeseni. Sikuti anali anthu oipa mtima. Kwathu kuno ng'ombe ikatupa chonchi sadikira, amaicheka pakhosi idakali ndi mpweya, chifukwa yofa yokha anthu ambiri sadya, ndipo mwini wake amatsala ndi chikopa chokha.

"Pepani a Zgambo, iyi yapita," anatero a Mtonga akunola mpeni pamwala. "Ndaziona zambiri zoterezi. Tiyeni tipulumutse nyama."

A Zgambo anayamba kuwerengera mumtima. Ng'ombe imodzi siikoka goli. Viphya akafa, Kasitu akanangokhala wodya udzu, chimanga chikanatsala chosabandira, ndipo iwo akanayamba kupempha ngolo kwa anthu amene kale ankabwera kudzapempha kwa iwo. Anayang'ana ng'ombe yawo, maso ake atatuluka ndi mantha, ndipo anamva chisoni chimene anali asanachimve chimwalirire mayi awo.

A NyaChisi sanatsike pachulu paja, ndipo sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anaimbira Towera. Linali Loweruka, choncho mwanayo anayankha ali m'minibasi, nyimbo zikusokosera.

"Towera, Viphya akufa. Wadya soya, mimba yatupa. A Mtonga afika kale ndi mpeni."

"Yatupa mbali iti, amama? Akuimabe?"

"Kumanzere. Akuima, koma miyendo ikunjenjemera."

"Auzeni asamuphe. Ndinaziona zimenezi kwa mnzanga Chebet ku Eldoret, ng'ombe yamkaka ya mayi ake itadya msipu wanthete. Botolo la mankhwala ake ndinagwira ndine. Mafuta ophikira muli nawo?"

A NyaChisi anakweza mawu kuchokera pamwambapo, kuitana amuna awo. "Awiske Towera, mwana akuti musamuphe. Akuti pali njira."

"Wamakompyuta adziwa chiyani za ng'ombe?" anayankha a Zgambo osatembenuka. "Ine ndinabadwira m'khola."

"Mukachedwa mutaya zonse, ng'ombe ndi nyama yomwe," anawonjezera a Mtonga, ndipo sankanama.

Nthawi yomweyo Viphya anabuula, mawondo akutsogolo n'kupindika pang'ono. A Zgambo anagwira chingwe mwamphamvu. Anayang'ana mpeni, n'kuyang'ana akazi awo. Kunyada n'kokoma ukamadya wekha, koma sikukoka ngolo.

"Akuti titani?" anafunsa, maso ali pansi.

Choyamba, anatero Towera kudzera mwa mayi ake, ng'ombeyo iime pamalo okwera, miyendo yakutsogolo m'mwamba, yakumbuyo m'munsi, kuti mimba isapanikize chifuwa. Pakhomo ponsepo panali pathyathyathya, malo okwera anali chulu chomwecho. A Zgambo anakoka kutsogolo, amuna awiri amene anabwera kudzathandiza kusenda anakankha kumbuyo, ndipo a Mtonga nawo anaika mpeni pansi n'kugwira mchira. Anafika nayo thukuta lili kamukamu. A NyaChisi anatsegula sipika ya foni kuti aliyense amve, ndipo mawu amene a Zgambo anawakana miyezi isanu ndi iwiri anatulukira pamutu pawo.

"Monire adada."

Towera sanadikire yankho la moniwo.

"Thirani mafuta ophikira m'botolo lagalasi la khosi lalitali, lidzaze. Mulowetse m'mbali mwa kamwa, momwe mulibe mano. Musakweze mutu kwambiri, musagwire lilime, muzithira pang'onopang'ono kuti azimeza yekha. Akatsokomola muime, mafuta angalowe m'mapapo."

Mafuta amene analipo anali a mandasi amene a NyaChisi ankakazinga tsiku la msika. Mmodzi wa amayi a mabeseni aja anawathamangira. A Zgambo anathira monga anauzidwira, mafuta ena akutsikira m'zigongono. Kenako Towera anati adule kamtengo kosalala konenepa ngati mpini wa khasu, akapingase m'kamwa n'kukamangirira kunyanga, kuti Viphya azitafuna ndi kutulutsa malovu. Anatinso munthu mmodzi azikanda mimba yotupayo ndi zibakera, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, osaleka.

"Zikakanika zimenezi pali kuboola mimba, koma ine kuboola sindinakuone, ndiye sindikuuzani zimene sindikudziwa," anatero Towera. Apo foni inaduka.

Mmodzi wa amuna aja anayamba kukanda. Viphya ankalimbana ndi kamtengo kaja, dovu likuchucha, koma mimba inali gwa ngati poyamba. Mphindi zinapita zambiri. A Mtonga anayamba kuyang'ana kumene anasiya mpeni wawo, akung'ung'udza kuti nyama ya ng'ombe yovutika chonchi imada. A Zgambo anamukankhira pambali amene ankakanda uja n'kuyamba okha, akuyankhula ndi ng'ombe yawo motsitsa, kuitchula dzina monga ankachitira ili mwana.

Kenako Viphya anatambasula khosi n'kugeya. Kunali kugeya kwakutali, kochokera pansi penipeni, ndipo fungo la soya wowola linabalalitsa amayi aja, zitenje zili pamphuno. Anageyanso kachiwiri, kachitatu. A Zgambo anamva mimba ikufewa pansi pa zibakera zawo. A NyaChisi analuluta pamwamba pa chulu, ndipo amuna aja anaseka ngati ana. Patapita kanthawi Viphya anali akupuma bwino, akugwedeza makutu kuingitsa ntchentche.

"Nyama yathawa iyi," anatero a Mtonga akukulunga mpeni wawo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikucheka ng'ombe zoti zikanachira ndi mafuta a mandasi. A Zgambo, mwana wanu uja mundiperekere moni."

Amayi aja anabwerera ndi mabeseni opanda kanthu, ndipo palibe amene anadandaula. Foni italiranso, a NyaChisi anangoitambasulira kwa amuna awo. A Zgambo anapukuta manja amafuta pathalauza, n'kuilandira ndi manja awiri.

"Towera."

"Adada."

"Viphya wachira. Wageya." Anayang'ana ng'ombe yawo. "Yewo chomene, mwana wanga."

Kumbali inayo kunamveka mwana akufwenthera, nyimbo za m'minibasi zikupitirirabe. A Zgambo anafunsa kuti phokosolo ndi la chiyani, ndipo iye ali kuti.

"Ndili panjira, adada," anayankha Towera mwamantha pang'ono. "Ndikupita ku Narok kwa mnzanga wina. Kwawo ndi Amasai, akuti ali ndi ng'ombe zoposa zana."

A Zgambo anayang'ana m'makutu mwa Viphya ndi pansi pa mchira wake, malo amene chaka chilichonse ankawasowetsa mtendere.

"Ukafika ukaone mmene amachitira ndi nkhupakupa," anatero. "Ukafunse akuluakulu bwinobwino, usakangojambula zithunzi."

Lachitatu lotsatira Viphya anali pagoli pambali pa Kasitu, ndipo chimanga cha a Zgambo chinabandiridwa chonse mvula isanadule. Bambo amene anabadwira m'khola anapulumutsidwa ndi nzeru imene mwana wake anaitola pakhomo la eni, tsiku Loweruka, kutali ndi kalasi. Akuluakulu sananame pamene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.