Mwendo Wachitatu wa Swichi ya Ridha

Ku Remada, tauni ya m'chipululu, chilimwe chikafika, madzi a nkhosa amayenda pa galimoto. Ridha anali ndi pikapu yakale yokhala ndi thanki kumbuyo, ndipo kwa zaka zambiri ankatunga madzi m'thankimo ndi ndowa mpaka msana kuchita kulira. Chaka chimenecho anati zakwana. Anagula pampu yoyendera batire ya galimoto, pamodzi ndi swichi yofiira ya mtundu uja umayaka kababu m'kati ukaidina, n'kukhala pabwalo pake m'mawa wa Lachisanu kuti alumikize yekha.

Anansi awiri anabwera kudzaonerera, timatambula ta tiyi tili m'manja.

"Manja awa ndi agolide," anatero mmodzi. "Ukanakhala ku Tunis bwenzi uli ndi galaja yakoyako."

Ridha anayamba kudzimva. Ali m'kati momangirira mawaya, anatulukira Mongi, mlongo wa mkazi wake Naziha. Mongi ankakonza magetsi a galimoto pafupi ndi msika, ndipo tauni yonse inkamudziwa pa zinthu ziwiri: ntchito yake sinkabwerera, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Anasuzumira m'galimotomo, n'kunyamula waya ndi zala ziwiri ngati wagwira mchira wa khoswe wakufa.

"Alamu, ichi n'chiyani? Uyu ndi waya wa wailesi. Mukufuna akoke pampu kapena aziimba nyimbo?"

Anansi aja anaseka.

"Waya ndi waya," anayankha Ridha.

"Nanga fyuzi ili kuti? Swichi iyinso ili ndi miyendo itatu, inu mwalumikiza iwiri. Wachitatuwo mukusungira ndani?"

"Ndayesa kale, pampu ikulira bwinobwino. Wachitatuwo ndi wa kababu chabe. Ine ndikufuna madzi, osati zokongoletsa za paukwati."

"Kababu kameneko n'kamene kazikuuzani kuti pampu ikadali yoyaka. Ndipo popanda fyuzi, tsiku limene pampu idzalimbe, waya uyu adzasanduka nkhuni pansi pa mpando wanu. Tandipatsani ndikonze tiyi asanazizire."

Akanamutengera pambali, mwina Ridha akanamva. Koma mawuwo anagwa pamaso pa anthu amene ankangomutamanda kumene, ndipo anamulasa ngati minga.

"Galimoto ndi yanga, nkhosa ndi zanga. Ngati mwabwera kudzaona mlongo wanu, ali m'nyumbamo."

Mongi anaika tambula pansi, tiyi wosatha, n'kumapita. Naziha anayesa kuikapo mawu. "Achimwene pakamwa m'poipa, koma sanama." Ridha anangopitiriza kumangirira mawaya ake. Masabata anadutsa pampu ikuthira madzi bwinobwino, ndipo iye akamadutsa pa galaja ya mlamu wakeyo ankaliza hutala mwachipongwe.

Tsiku lina lotentha koopsa anatengana ndi bambo ake, a Hedi, nkhalamba ya miyendo yofooka imene sinkatha kukhala nthawi yaitali osaona nkhosa zake. Anapita kutali kubusa, kupitirira kumene msewu umathera. Ridha anayatsa pampu, madzi n'kuyamba kudzaza zomwera, nkhosa zikukankhana. Kamwana ka nkhosa kanagwera m'madzimo, iye n'kuthamanga kukakavuula. Pobwerako anapeza paipi yasiya kutulutsa madzi, thanki yauma. Anakulunga paipi, analiza injini, ulendo wa kunyumba. Swichi inali bii ngati masiku onse, osanena kanthu. Phokoso la injini linameza kulira kwa pampu, imene inkazungulirabe popanda madzi mpaka inatentha n'kulimba.

"Mwana wanga, chikupserera n'chiyani?" anafunsa a Hedi akununkhiza.

Utsi wakuda unali utayamba kutuluka pansi pa mpando, pakati penipeni pa miyendo ya nkhalambayo. Ridha anaponda buleki, ananyamula bambo ake ngati khanda n'kukawakhazika patali. Anabwerera n'kumakokolola mchenga ndi manja kuthira pamotopo, kenaka anatsegula boneti n'kuzula waya uja ku batire. Waya unali wofiira ngati khala, ndipo unamudinda mzere pachikhatho. Moto unazima, koma mawaya ena oyandikana nawo anali atasungunukira pamodzi. Atapotoza kiyi, galimoto sinayankhe.

Dzuwa linali paliwombo. Madzi onse anali m'mimba mwa nkhosa, kupatula otsalira m'botolo limodzi. Anagoneka bambo ake mumthunzi wa galimoto, n'kuona milomo yawo ikuuma ndipo mpweya ukufupika. Anakwera chitunda kukafuna netiweki. Ataimbira mnansi uja ankamutama kuti ali ndi manja agolide, mnansiyo anati, "Pepa m'bale, galimoto yanga singalowe mumchengamo. Tayesa ena." Foni ya winayo inangolira mpaka kutopa. Ridha anayang'anitsitsa dzina la Mongi, manyazi atamugwira. Kenaka anacheukira kumene kunagona bambo ake, n'kuimba.

"Alamu, galimoto yapsa."

"Muli ndi ndani?"

"Ndi bambo."

"Madzi?"

"Atsala pang'ono."

"Muli pati?"

"Kuseri kwa chitsime chouma chija."

"Nyowetsani nsalu muwaike pamutu. Musasunthe pamenepo."

Mongi anasiya galimoto ya kasitomala ili chitsegulire, anamangirira zigubu za madzi ndi chikwama cha zida panjinga yamoto, n'kulowa m'chipululu dzuwa likuswa mtengo. Atafika sanayang'ane n'komwe galimoto. Anagwada pafupi ndi a Hedi, kuwamwetsa pang'onopang'ono, kuwadyetsa zipatso za kanjedza, mpaka maso awo anayambanso kuona bwino. Anatsuka chikhatho cha Ridha n'kuchimanga ndi nsalu yake ya kumutu. Zitatha izi m'pamene pakamwa panatseguka.

"Ndiye nyimbo zija zaimbadi, eti? Bwerani kuno. Gwirani apa ndi dzanja lotsalalo, ndipo muone ndi maso anu. Ine kuchipululu kuno sindibweranso kawiri."

Anadula mawaya opserera, analumikiza atsopano, injini n'kudzuka. Pampu inali itafa, koma Mongi anati sachoka asanamange njira yake yoyenera. Anatulutsa waya wonenepa ndi kafyuzi.

"Mwendo uwu ndi wolandira moto kuchokera ku batire, koma uzidzera pa fyuzi. Fyuziyo ikhale pafupi ndi batire, kuti zikavuta ipse ndi iyoyo, osati bambo anu. Uwu ndi wopita ku pampu. Wachitatu uja munaunyoza, timaumangirira pa chitsulo cha galimoto. Dinani."

Ridha anadina. Kababu kanayaka psuu, kooneka ngakhale masana. Anakayang'ana kanthawi, maso n'kulengeza misozi.

"Alamu, ine ndinakupirikitsani pakhomo panga pamaso pa anthu."

"Tiyi wake analinso wosakoma. Sindinataye kanthu."

A Hedi anaseka chapansipansi ali chigonere. "Mongi mwana wanga, Mulungu akusungire manja amenewo. Pakamwaponso asapasinthe."

Lachisanu lotsatira Ridha anapha nkhosa yonona kuposa zonse, Naziha n'kuphika kusikusi, chakudya cha timibulu ta tirigu, kudzaza mbale yaikulu. Atachoka kumzikiti, anthu anakhala pabwalo. Ridha, dzanja lili chimangire, anasankha nyama yofewa ya paphewa n'kuikankhira mbali ya mlamu wake.

"Munthu uyu anandichititsa manyazi, ine n'kumuda," anauza onse. "Lero bambo anga akudya nafe pano chifukwa cha iyeyu. Alamu, zikomo. Mukadzaonanso chopusa pa ine, musadzadikire kuti anthu achoke."

Mongi anatafuna modekha, n'kugwedeza mutu. "Ngati ndi choncho, nyamayi yachepa mchere."

Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo amene anaseka kwambiri anali Ridha, akupukuta m'maso ndi nsalu ya pabala pake.

Okusisita pamsana sasowa, makamaka tiyi akakhala wako. Koma amene amalolera kuti umude lero pofuna kuti mawa usapse, ameneyo ukamupeza umugwiritse ndi manja awiri. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.